Ng'anjo ya m'phiri la kwathu

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anabwerera kuchokera ku Joni ali ndi chifuwa cha m'migodi. Ine ndinali ndisanathe msinkhu. Anali ataonda moti jekete lawo linkangolendewera m'mapewa.

Tsiku lina m'mawa anandiuza kuti ndinyamule chipanda cha madzi, tikwere phiri la kuseri kwa mudzi, loyang'ana ku Bwanje. Ankafuna kukaona ng'anjo imene makolo awo ankasungunuliramo chitsulo cha makasu, azungu asanabwere. Amayi anakana, nati munthu wamkazi safika pang'anjo, akafikapo sadzabereka. Bambo anangoti alibe mwana wina woti amusonyeze njira.

Tinkayenda pang'ono n'kupuma. Tchire linali litapsa, fungo la lupsa lili ponseponse, mapazi anga ali bii. Titafika pathanthwe lina bambo anakhala pansi, natsokomola nthawi yaitali. Kenaka analoza kumtunda ndi ndodo.

"Pita iwe, mwanangu. Ukaone ngati idakalipo."

Mawu a amayi aja anali m'mutu mwanga. Koma nditamva mmene mpweya unkalirira m'chifuwa mwawo, ndinapita.

Ndinaipeza. Inali ngati kankhokwe ka dothi lofiira, kutalika kundiposa pang'ono, mbali imodzi itagumuka. Pansi panali miyala yakuda yolemera ndi timipope tadothi tosweka. Pakhoma pankaonekabe zidindo za zala za munthu amene anamata. Ndinaikapo zanga, sizinadzaze. Kunali zii.

Potsika ndinkaganiza zowanamiza kuti ili bwinobwino, koma atandiyang'ana ndinalephera. Ndinawauza kuti yagwa mbali imodzi, ndipo m'kati mwamera mtengo. Anafunsa kuti ndi mtengo wanji. Ndinati msuku.

"Basitu idakadyetsabe anthu," anatero, akuseka pang'ono.

Mvula ya chaka chimenecho sanaione kutha kwake.

Mantha a mawu a amayi aja ndinakhala nawo osauza munthu mpaka tsiku limene ndinamva kulira kwa mwana wanga woyamba. Lero makasu tikugula m'sitolo za amwenye ku Ntcheu, ndipo minda yakwera mpaka yapitirira thanthwe lija. Olima kumeneko amati ng'anjo ija n'chulu, akufuna kuchisalaza chaka chino. Ine pagulu sinditha kulankhula. Koma mawa ndibereka mwanayu kumbuyo, ndikawauze kuti si chulu.