Zimene Ndinaotcha mu Uvuni

Ine sindikhulupirira munthu, ngakhale abusa. Mdzukulu wanga Tadala, mtsikana wa ku koleji, anatha miyezi isanu akuwotcherera timawaya pa kabolodi kobiriwira. Ankati kameneko kazitumiza kokha zithunzi m'magalasi ena ake oonera zithunzi ovala kumaso, popanda kompyuta. Atandiveka, ndinaona chipinda choyera chikuzungulira, mpaka ndinagwira khoma.

"Gogo, Lolemba ndikaonetsa aphunzitsi," anatero.

Amayi Rozina, loja wathu wa ku Tete amene ankachita lendi chipinda cha kuseri, anaima pakhomo n'kuti, "Mwanayu ali ndi mutu!" Ine ndinangoona maso awo ali pa kabolodiko. Tadala atachoka ndinakabisa mu uvuni, poti kuno ku Tafara magetsi amabwera mwa apo ndi apo, uvuniwo unasanduka kabati.

Loweruka masana magetsi anabwera. Ndinathamanga kukayatsa uvuni kuti ndiphike masikono asanathimenso. Chimene chinandikumbutsa ndi fungo la pulasitiki. Kabolodi kaja kanali katapindika ngati chikopa cha mbuzi padzuwa. Ndinakakulunga m'nyuzipepala n'kukataya kudzala la aneba, osati langa.

Tadala atayamba kulira, ndinati, "Funsa amene amalowa muno." Dzina sindinatchule. Ndinangoloza ndi milomo kuchipinda cha kuseri.

Amayi Rozina anasamuka Lachitatu, mbaula pamutu, mwana kumsana, chikwama m'manja. Pageti anandigwadira. "Zikomo amayi, mwatisunga."

Aneba anali atasuzumira pampanda, Tadala ali pawindo. Ndiye ine, fungo lija lisanathe n'komwe m'khitchini, ndinati, "Tsegulani kaye chikwamacho ndione."