Galu wa miyendo isanu wa mwana wa eni

Lachinayi lapitali mvula inandipeza pa Parnell Street, kuno kwa azungu kumene ndimakhala, ndikuchokera kogula ufa, ndiye ndinathawira m'nyumba yoonetseramo zojambula. Kulowa n'kwaulere. Kunena zoona, ndinangotsatira kufundako.

Ankaonetsa ntchito za mkulu wina wa ku Britain, wojambula ndi penti komanso wosema. Zithunzi zazikulu ngati zitseko, ziboliboli zamkuwa, anthu akuyenda monyang'ama. Zonsezo sizinandipweteke. Chinandipweteka ndi kabokosi kagalasi ka pakona.

Munali kapepala kong'ambika m'mbali, pojambulidwa galu wa miyendo isanu. Pansi analembapo kuti mkuluyo anajambula galuyo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mayi ake anasunga kapepalako moyo wawo wonse.

Miyendo isanu, anthuni! Ine pa msinkhu umenewo ndinkajambula njinga ya aphunzitsi ndi tcheni chake chomwe. Anzanga ankandipatsa mbatata kuti ndiwajambulire mapu. Nsanje inandigwira, sindikubisirani.

Nanga mapepala anga anapita kuti? Bambo anga ankapichirira fodya. "Iwe, udzadya zimenezi?" ankatero, uku akunyambita m'mphepete mwa njinga yanga yojambula ija.

Timati mmera mpoyamba, koma mmera umene ife timathirira ndi wa udokotala ndi unamwino basi. Mwana akajambula timati akuwononga kope. Kenako tikudabwa kuti dziko lonse lili pamzere kukaona galu wa mwana wa eni.

Ndili mu Luas, kasitima ka mumzinda muno, pobwerera ndinakumbukira kanthu. Mwana wanga Tadala, wa zaka khumi ndi zinayi, amajambula paliponse, ngakhale kuseri kwa makalata a kusukulu. Lachiwiri ndikukonza m'nyumba ndinakokolola mulu wonse wa mapepala ake a patebulo n'kuponya m'bini. Galimoto ya zinyalala imabwera Lachinayi m'mawa.

Ndinathamanga ndi ufa wanga. Bini ndinaipeza ili mbee.

Tadala atabwera ndinamuuza zonse, ndikuyembekezera misozi. Sanalire. Anangoti, "It's fine, Dad," n'kundifotokozera m'Chingerezi chake chija kuti zimene zinali patebulozo n'zoyeserera chabe. Zabwinozabwino amakasiya kwa mnzake wa m'kalasi, chifukwa mayi a mnzakeyo amazikonda. Chimodzi anachimata pa filiji.

Pa filiji ya eni, anthuni. Pa yanga pali ndandanda ya mashifiti.

Ndiye ndiuzeni, tsiku lina Tadala akadzakhala ndi kabokosi kake kagalasi, pansi pakepo adzalembapo kuti anamusungira ndani?