Moni wa ku Champhira

Amuna anga anali mphunzitsi, ndipo boma linatichotsa kwathu ku Dedza n'kutiponya ku Champhira, ku Mzimba, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Kumeneko mawu awo anayamba kusasa. Tinkati ndi fumbi la choko, osadziwa kuti ndi khansa. Kuchipatala cha ku Embangweni anatitumiza ku Blantyre, komwe madokotala anachotsa kholingo lonse, n'kudula mnofu pachifuwa kukamata pakhosi ngati chigamba cha buluku. Anawasiyira kabowo kopumira m'munsi mwa khosi. Tinabwerako ndi moyo, koma mawu anatsala komweko.

Tsono ku Mzimba moni si wamasewera. Munthu amapatuka, kunjuta, kufunsa mmene mwadzukira, n'kudikira yankho. Amuna anga ankangogwedeza mutu. Osadziwa anayamba kunena kuti aphunzitsi a ku Dedza aja abwera ndi matama a m'tauni. Izi zinawapweteka kuposa bala, mpaka anasiya kutuluka m'nyumba. Ndinkaopa kuti andifera ali moyo.

Dokotala anali atawauza kuti akamameza mpweya n'kuubweza monga pogeya, mawu adzapangika. Iwo ankakana, n'kundilembera pasileti kuti mphunzitsi wathunthu sangageye pagulu. Ndinapsa mtima. Ndinabisa siletiyo, n'kuwauza kuti ine sindinakwatiwe ndi choko. Anayamba kumapita kuseri kwa khola kukayeserera, ine ndikumvetsera kukhitchini, pena kuseka, pena kulira. Miyezi inatha akungomveka ngati chule.

Lamulungu lina ndinawachapira kansalu koyera kophimba bowo, kamene ndinasoka ndekha, n'kuwakokera kutchalitchi. Titatuluka, mayi wina wachikulire wogulitsa tomato, yemwe ndinkadziwa bwino kuti ndiye ankafalitsa za matama zija, ananjuta pamaso pawo n'kuwalonjera aphunzitsiwo m'Chitumbuka.

"Monire, asambizgi. Mwawuka uli?"

Ndinaona thukuta likutsika m'masaya mwawo. Anameza mpweya koyamba, osatheka. Anamezanso.

"Yewo, amama," anayankha.

Anali mawu okhuthala, okanda, koma anali awo. Mayi uja anagwira pakamwa, kenako anagwada n'kuwomba m'manja mwaulemu.

M'kalasi sanabwererenso. Koma kuyambira tsikulo ulendo wa kumsika unkatidyera mmawa wonse, chifukwa sankalola munthu kudutsa osalonjerana naye. Ine ndinkaima pambali pawo dengu lili pamutu, khosi likupweteka, ndipo sindinawafulumizepo ngakhale kamodzi.