Magazi a Mwana Wake Anawanyamula Yekha

Ku labu yoyezera magazi aliyense amamutchula kuti a Bokosi. Dzinali linabwera chifukwa cha bokosi labuluu limene amamangirira kumbuyo kwa njinga yake yamoto m'mawa uliwonse, ndipo linamukanirira moti ngakhale apongozi ake akaimba foni amafunsa kuti, "Kodi a Bokosi aweruka?"

Ntchito yake ndi yozungulira zipatala zing'onozing'ono zisanu ndi ziwiri, kutolera makadi. Pa khadi lililonse pamakhala timadontho touma ta magazi, totengedwa pachidendene cha khanda longobadwa kumene. Makadiwo amakawapereka kwa Adokotala, mayi wamfupi wa magalasi ochindikala, amene watha zaka zambiri akufufuza matenda a magazi otengera kwa makolo, makamaka a siko selo.

Kale a Bokosi ankanyamula anthu panjinga yomweyo. Tsiku lina galimoto ya Adokotala inakana kulira, mayiwo n'kukwera njinga yake. Msewu unali wa maenje okhaokha, koma iye anawazemba onse, osathamanga, osagwedeza munthu. Atafika pageti mayi aja anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, mumayendetsa chonchi masiku onse, kapena mwandiopa ine?"

"Msana wa munthu ndi umodzi, mayi. Sagulitsa wina."

"Mubwere Lolemba. Ndili ndi katundu wofuna munthu ngati inu."

Sabata yoyamba Adokotala anamuitanira m'chipinda chozizira, cha matebulo oyera ndi mafiriji ong'ung'udza. Anati munthu sayenera kunyamula chinthu chimene sakuchidziwa. Anamuuza kuti atsinzine diso limodzi, asuzumire mu maikulosikopu. Poyamba anaona timaselo tozungulira ngati mabatani a malaya. Mayiwo atasintha kagalasi, anaona tina topindika ngati chikwakwa, tokolanakolana.

"Topindikato timatseka njira ya magazi," anatero Adokotala. "Mwana amatupa manja ndi mapazi, maso amachita chikasu, mafupa amaphwanya. Kukazizira ndiye zimanyanya."

A Bokosi anadzuka pang'onopang'ono. Zimene ankamvazo anali ataziona ndi maso ake. Anali ndi mlongo wake wamng'ono amene ankalira chogwira miyendo, tizala titatupa ngati tiphulika. Mwanayo anamwalira ali ndi zaka zisanu. Bambo awo ankati magazi a kwawo kwa amayi ndi oipa, ndipo maliro atangotha analongedza zovala n'kuchoka, osabwereranso.

"Ndiye matendawa mwana amatengera kwa mayi ake?" anafunsa, atawafotokozera Adokotala za mlongo wakeyo.

"Kwa onse awiri. Mayi akhale ndi mbewu yake, bambo akhalenso nayo. Kholo limodzi lokha silingam'patse mwana matendawa, ndipo makolowo amakhala bwinobwino osadziwa kanthu."

A Bokosi anangopinda mkono wa malaya n'kutambasula dzanja.

Anam'peza ndi mbewu ya matendawa. Pa nthawiyo mkazi wake anali woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri. Naye atayezedwa anapezeka chimodzimodzi. Adokotala anawakhazika pansi onse awiri n'kuwafotokozera kuti pa mimba iliyonse, mwayi woti mwana abadwe ndi matendawo ndi umodzi pa inayi.

Potuluka, mkaziyo anam'gunda ndi chigongono. "Akazi onse munkawanyamula panjinga aja, inu maso anu anagwera pa ine wa magazi ofanana ndi anu?"

"Magaziwo ndi amene ankaitanana," anatero iye, ndipo anaseka onse awiri, ngakhale mitima inali m'mwamba.

Mwana anabadwa wamkazi, wa mawu akuthwa, ndipo azamba anam'patsa dzina losereula loti Tsabola. Namwino anam'baya pachidendene, n'kudontheza magazi pakhadi. Litauma analiika mu envulopu pamodzi ndi makadi a ana ena.

"Tiitane wina alinyamule?" anafunsa namwinoyo.

"Chifukwa chiyani? Ntchito ndi yanga, mwana ndi wanga."

Anatsekera envulopuyo m'bokosi, n'kumanga lamba kawiri. Ulendo wa theka la ola unam'tengera ola lathunthu tsiku limenelo.

Patatha masiku anayi Adokotala anamuitanira mu ofesi, natseka chitseko, navula magalasi. A Bokosi anadziwiratu.

"Ali nawo," anatero mayiwo.

Iye anakhala pampando, chipewa cha njinga chili pamiyendo. Anaona tizala totupa tija m'maganizo mwake.

"Tamverani, achimwene. Mlongo wanu anadwala zaka zisanu popanda wodziwa chimene chikumudya. Uyu tam'dziwa asanathe sabata ziwiri. Ntchito yonse ndakhala ndikugwirayi ndi yofuna zimenezi basi, kuti tiziwadziwa msanga. Akakwana miyezi iwiri ayamba mankhwala oteteza ku matenda, tsiku ndi tsiku. Katemera asaphonye. Madzi azimwa ambiri, asamazizidwe. Thupi likangotentha, musadikire kuti tione mawa, thamangani naye. Mukwanitsa?"

"Tikwanitsa."

Anauza mkazi wake masana omwewo. Mayiyo analira, kenako anapukuta misozi ndi thewera loyera limene linali m'manja, n'kufunsa kuti mankhwalawo azimwa nthawi yanji.

Lamlungu lotsatira a Bokosi anapita kwa amayi ake. Anawapeza pakhonde akusoka batani, ulusi ukuwavuta kulowetsa m'singano. Anawalowetsera, kenako anawafotokozera zonse, za timaselo topindika, za mbewu yochokera kwa makolo awiri.

Amayiwo anaika malaya pansi. "Ukuti bambo ako nawonso anali nayo?"

"Anali nayo, amayi. Popanda iwo mwana uja sakanadwala."

"Ndiye sindinamuphe ine?"

"Palibe anamupha. Simunkadziwa, iwonso sankadziwa."

Amayiwo anayang'ana kumsewu. Zaka makumi awiri ndi zisanu anali atasenza mlandu wosakhala wawo. Kenako anaimirira, nakonza mpango kumutu. "Tiye ukandionetse mdzukulu wangayo. Ndizisinthana ndi mkazi wako."

Sikuti zonse zinayenda myaa. Tsabola ali ndi zaka zitatu anagonekedwa m'chipatala sabata yathunthu, miyendo ikumuphwanya moti sankalola ngakhale nsalu kum'khudza. Chaka chotsatira anam'thira magazi. Zitatero Adokotala anamuyambitsa mankhwala ena ochepetsa kupindika kwa maselo, ndipo kudwaladwala kuja kunachepa. Panopa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kusukulu amapita ndi botolo la madzi lalikulu kuposa mkono wake, juzi ili m'chikwama ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mapiritsi sakumbutsidwa. Iyeyo ndi amene amakumbutsa agogo ake za mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi.

Zotsatira za kafukufuku zitasindikizidwa, Adokotala anabweretsa pepalalo ku labu. Linali la Chingerezi cholimba, lodzaza manambala. Anamuonetsa a Bokosi mzere wina kumapeto, wothokoza woyendetsa njinga amene pa makadi masauzande ambiri sanataye ngakhale limodzi. Mkazi wake anauika m'felemu mzerewo n'kuupachika pabalaza, pamwamba pa wailesi.

Chaka chatha namwino wa pachipatala china anakokera a Bokosi pambali. Panali khanda la miyezi itatu lopezeka ndi siko selo, koma bambo ake, owotcherera zitsulo, analetsa mankhwala. Ankati mwana wonenepa chonchija sangakhale wodwala, a chipatala akungofuna poyesera mapiritsi awo. Mayi wa mwanayo ankaopa kuwatsutsa.

Loweruka m'mawa a Bokosi anakweza Tsabola panjinga, n'kupita kushedi ya bamboyo. Panali mageti osamaliza otsamira khoma, nthambo za magetsi zili mbwee pansi. Chitsulo chomangirapo bokosi panjinga yake chinali chitang'aluka ndithu, choncho chifukwa chobwerera chinalipo.

"Amisiri, tandionerani chitsulochi."

Bamboyo, munthu wamtali wa zipsera za moto m'manja, anagwada n'kuchigwedeza. "Mumanyamulapo chiyani?"

"Magazi a makanda. Khadi la mwana wanu linadutsa pomwepa."

Mmisiriyo anaimirira, nkhope itasintha. "Akutumani?"

"Andiuza, koma kubwera ndabwera ndekha. Uyu ndi wanga. Ali ndi matenda omwewo."

Bamboyo anayang'ana Tsabola, amene anali atakhala pa thayala lakale akugwedeza miyendo, botolo lake lili m'manja.

"Uyuyu? Bodza."

"Amalume," anatero Tsabola, "mukamawotcherera mumavala chigalasi chakudacho chifukwa chiyani? Maso anu akudwala?"

"Ayi, n'kuti asapse."

"Ndiye mumavala asanapse, eti? Nanenso ndimamwa ndisanadwale. Ndikadikira kudwala zimawawa ngati akukhomerera misomali m'mafupa. Mwana wanuyo sangakuuzeni, sanayambe kulankhula."

Mmisiriyo anatembenukira kwa a Bokosi. "Mwana uyu mumam'dyetsa chiyani?"

"Musafunse ine, kamwa limeneli ndi la kwa amake."

Bamboyo anaseka pang'ono, kenako anakhala pabenchi n'kuyamba kufunsa zenizeni. Anafunsa ngati mwana wake adzayende, ngati adzaphunzire, ngati adzakule. A Bokosi sanamunamize. Anati masiku owawa adzabwera, ndipo chipatala adzachidziwa makomo ake onse. Anamuuzanso kuti ku kiliniki ya Adokotala kumabwera achikulire a matenda omwewa, wina mphunzitsi, wina telala wa ana awiri.

"Kiliniki imakhala liti?"

"Lachitatu, kuyambira eyiti koloko."

Mmisiriyo anatsitsa chigalasi kumaso, nauza Tsabola kuti ayang'ane kumbali, n'kuwotcherera chitsulo chija.

Lachitatu a Bokosi pofika ndi makadi a m'mawa, anapeza bamboyo ali pamzere, atavalabe ovolosi yake yothimbirira. Khanda analinyamula yekha, mkazi wake ali pambali ndi buku la kusikelo. Namwino ankawaonetsa mulingo wa mankhwala pa kasirinji, ndipo bamboyo anam'pempha kuti abwereze kachiwiri, pang'onopang'ono, kuti aone bwino pamene pali mzere.