Tsiku Limene Ndinapatukira Apongozi M'madzi

Achinyamata a masiku ano amadabwa ndikawauza kuti ndinakhala mudzi umodzi ndi apongozi anga aakazi zaka ziwiri zathunthu osaiona bwino nkhope yawo. Komatu ndi mmene zinthu zinalili. Mkamwini ndi amake a mkazi wake ankaopana. Ukawaona akubwera poteropo m'njira, unkapatukira patchire kudikira kuti adutse. Iwonso akayamba kukuona ankachita chimodzimodzi, kotero kuti nthawi zina nonse awiri munkanjuta m'tchire, wina uku wina uko, njira ili yokha. Mawu pakati panu ankadzera mwa munthu wachitatu. Sichinali chidani ayi, unali ulemu.

Ine ndine Mmang'anja, ndipo pa nthawiyo ndinali mphunzitsi wothandizira pa kasukulu kofolera udzu m'mphepete mwa esiteti ya tiyi. Ndinakwatira kwa Alomwe amene anachokera kudziko la Apwitikizi nadzakhala pamalo a mzungu. Tiyi anali asanakute zitunda zonse za ku Thyolo monga alili lero. Minda ina inali ikadali ya fodya, ndipo nkhalango inkatsika mpaka kuseri kwa nyumba. Apongozi aamuna ankaluka madengu othyolera tiyi, apongozi aakazi ankathyola, ndipo ine ndinkakhala chikamwini pakhomo pawo ndi mkazi wanga ndi mwana wathu woyamba, wamkazi, wa miyezi isanu ndi umodzi.

Chaka chimenecho akuluakulu a mishoni anandiuza kuti chisanu chikatha ndikatsegule sukulu yanga ku Nsabwe, ulendo wapansi wa tsiku lathunthu. Ndinakondwa, koma chimwemwecho chinali ndi munga. Kuti ndipite ndi banja langa ndinayenera kupempha chitengwa, ndiko kuti eni ake a mkazi andilole kumchotsa pamudzi pawo. Katatu ndinatuma ankhoswe anga kwa amalume ake a mkazi wanga, ndipo katatu konse anabwera ndi yankho limodzi: "Ine ndine pakamwa chabe, mtima uli ndi mlongo wanga, ndipo mlongo wanga sanayankhe." Sindikanawada. Mwa ana asanu amene anabereka, anayi anawaika m'manda, ena panjira yobwera kuno, ena m'zaka zoyamba za pa esiteti. Anatsala ndi mkazi wanga yekha. Zikanakanika, ndikanayenera kusankha: kupita ndekha, kapena kuikana sukuluyo.

Kunatsala sabata imodzi kuti ndinyamuke pamene tsiku la nsungwi linafika. Chaka chilichonse nyengo yozizira, tiyi akaduliridwa ndipo ntchito yothyola itaima, banja lonse linkakwera phiri la kumtunda kwa esiteti kukadula nsungwi zolukira madengu, pakuti zabwino koposa zinkamera m'mbali mwa dziwe la pamwamba. Ndinapempha kuti ndipite nawo. Anakonza kuti amuna titsogole, akazi atsatire patali, kuti ine ndi apongozi tisaonane.

Tinanyamuka Loweruka tambala wachitatu atalira, mame akunyowetsa miyendo. Ine ndinavala buluku langa la kaki ndi nsapato, pakuti mphunzitsi wa masiku amenewo ankayesa kuti ulemu wake uli kumapazi. Amalume, munthu wamfupi wa nthabwala zosatha, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pansi.

"Aphunzitsi, nsapatozi mukuzikweza phiri kuti zikaone chiyani?"

"Zikaone dziko, amalume."

"Chabwino. Zikatopa mudzatiuze, tidzazibereka."

Titadutsa mizere ya tiyi wodulidwayo tinalowa m'nkhalango, ndipo kunja kunada ngati kwayambanso kucha. Mibawa inali yaikulu yoti amuna atatu sakanaizungulira ndi mikono, zilambe zikulendewera, pansi pali pofewa ndi masamba ovunda. Anyani aja otchedwa anchima ankatitsata m'nthambi akutitukwana m'chinenero chawo, amalume n'kumawabwezera m'Chilomwe. Kumbuyo kutali tinkamva akazi akuimba, nyimbo ikuzimirira pokhota njira n'kutulukiranso. Mtima wanga, umene unali wolemera kwa mwezi wathunthu, unayamba kupepuka pang'onopang'ono popanda chifukwa china koma kukwerako.

Dzuwa litakwera tinatulukira pamsana pa phiri. Kunalibe chiperoni tsiku limenelo, dziko lonse linali poyera. Tinaona utsi wa sitima ukukwawa cha ku Luchenza ngati kambozi, phiri la Mulanje litakhala phee, ndipo kuseri kwake mapiri ena abuluu amene apongozi aamuna anawaloza ndi chikwanje nati, "Kwathu ndi uko." Kenaka tinatembenuka, ndipo ndinaliona dziwelo.

Taganizani mtondo waukulu woti mudzi wonse ungalowemo, m'mbali mwake muli mitengo ndi nsungwi, pansi pake madzi ozungulira bwinobwino, obiriwira moderako, osagwedezeka. Panalibe mtsinje wooneka wolowamo kapena wotulukamo. Ndinakumbukira phunziro la ku mishoni, ndipo sindinathe kulisunga m'kamwa. Ndinawauza anzangawo kuti maenje otere anali makomo otulukira moto wa pansi pa dziko kalekale.

"Moto?" anatero amalume. "M'madzimu? Ndiye anauthira madzi ndani?"

"Unazima wokha, kenaka mvula inadzazamo."

"Alamu, mwamva?" anatero kwa apongozi aamuna. "Tasamalani chikwanjecho chingasungunuke."

Tinadula nsungwi mpaka dzuwa lili pamutu, tikusadza nthambi ndi kumanga mitolo ndi luzi. Tinadya chinangwa chophika ndi kalongonda, nyemba za Alomwe zija zoledzeretsa zikapanda kupsa, amuna pansi pa mtengo, akazi kuseri kwa thanthwe lina kumene sindinkatha kuwaona. Ena atagona chagada kupumula, ine ndinalakalaka kulizungulira dziwelo. Panali kanjira ka nguluwe kotsata m'mphepete mwa madzi, ndipo ndinalowera cha kumanja ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Chimene sindinadziwe n'chakuti apongozi aakazi anali atamlandira mwana kuti mkazi wanga apume, nambereka kumbuyo, nalowera cha kumanzere kukafuna muzu wa mankhwala a chifuwa. Njira yozungulira ilibe chinsinsi. Wopita kumanja ndi wopita kumanzere adzakumana basi.

Tinakumana tsidya lija, pamalo oipitsitsa. Pamenepo kanjirako kankadutsa pa mwala wopapatiza ngati mphasa yopinda, wa ndere zoterera. Mbali imodzi kunali khoma la thanthwe loongoka, mbali inayo madzi. Nditakhota ndinangoona nsalu yabiriwita ndi kamutu ka mwana wanga kakusuzumira paphewa, pamtunda wa mapazi ochepa chabe. Tonse tinaima. Apongozi anatembenuzira nkhope kuthanthwe nadziphimba ndi mpango. Tchire lopatukirako kunalibe. Ndisanaganize zobwerera, ndinaona iwo ayamba kutembenuka kuti abwerere, phazi lawo n'kutsetsereka pang'ono pa ndere zija, mwana ali kumsana. Kuwauza kuti aime sindikanatha, pakuti pakamwa panga panalibe chilolezo. Ndinachita chimene mkamwini aliyense amachita: ndinapatuka. Ndinatsikira m'madzi.

Ndinayesa kuti afika m'mawondo. Anafika m'chifuwa. Kuzizira kwake kunandichotsa mpweya, nsapato n'kumira m'matope. Ndinaima chilili, nkhope kuloza pakati pa dziwe, msana kuloza kunjira, kudikira kuti adutse.

Sanadutse. Ndinamva kamawu ngati munthu wotsamwa, ndipo ndinazindikira kuti akuseka mumpango. Atatha, analankhula m'Chinyanja chawo chokoka cha Chilomwe, koma osati kwa ine. Analankhula kwa khandalo, limene mwanthabwala za agogo ankalitcha mkazi mnzawo.

"Mkazi mnzanga, tawafunsa abambo ako ngati ku mishoni amaphunzitsanso kusamba ndi nsapato."

Mwanayo anali kuyamwa chibakera chake. Ndinaona kuti munthu wachitatu wapezeka, ndipo mwambo sunasweke.

"Mwanawe," ndinatero, "uwauze agogo ako kuti phunziro limeneli ndaliyamba lero."

"Uwauze kuti ndikanatha kubwerera."

"Uwauze kuti mwalawo ndi woterera, ndipo chimene abereka kumsanacho n'chathu tonse."

Ndinamva nsalu ikukhwekhwereza pamwala. Anakhala pansi.

"Uwauze asafulumire kutuluka. Ndili ndi mawu, ndipo ankhoswewa amataya theka panjira. Ku Nsabweko madzi ali pafupi?"

"Uwauze kuti chitsime chili kumunsi kwa sukulu, poti munthu akaitana amamveka."

"Nanga mayi ako akadzaima kachiwiri, adzamgwira ndani? Akazi a eni ake osadziwa ngakhale kulira kwake?"

"Uwauze kuti miyezi ikadzayandikira ndidzabwera naye ndekha kwa iwo, ndipo sadzachoka mpaka iwo atanena."

"Akadwala, ndidzamvera kwa anthu odutsa m'njira?"

"Uwauze kuti kudwala sindingakuletse. Koma ndidzamanga kanyumba kachiwiri kuseri kwa yathu, kokhala ndi khomo loyang'ana kwina, kuti akabwera akhale mwezi kapena iwiri popanda ine kuwasowetsa mtendere."

Kambalame kena kanatera pa bango patsogolo panga, kanandiyang'ana, n'kuuluka. Miyendo yanga inali italeka kumva.

"Mkazi mnzanga," anatero pomaliza, mawu atatsika, "ine ndinachoka kwa amayi anga nditabereka mwana ngati iwe. Anandiperekeza mpaka pamtsinje. Sindinawaonenso, ndipo sindidziwa ngakhale chaka chimene anamwalira."

Pamenepo nzeru zonse za m'mabuku zinandithawa. Ndinangonena chimene ndinali nacho.

"Uwauze kuti pakati pa Nsabwe ndi pano palibe asilikali, palibe malire. Pali zitunda ndi miyendo yanga. Sukulu ikatsekera, tsiku lachiwiri adzakuona pakhomo, ukukula. Ndikadzalephera kamodzi, adzatume amalume adzakutengeni nonse, ndipo sindidzatsutsa."

Mawu omalizawo anatuluka modukaduka, chifukwa chibwano chinali chitayamba kunjenjemera.

"Tamva, mano a abambo ako akuimba ng'oma," anatero. "Tiwatulutse, tingasanduke amasiye tonse. Uwauze akutengeni. Koma nandolo wa m'munda mwanga athyole kaye, sindingathe ndekha. Ndipo mbewu ya kalongonda ndikupatsani, koma iwo asadzayerekeze kuphika okha. Amang'anja amaphula msanga, angaledzeretse sukulu yonse."

"Uwauze kuti ndagwada, ngakhale sizikuoneka."

Anasekanso, nadzuka, nadutsa kumbuyo kwanga pang'onopang'ono akugwira thanthwe. Mapazi awo atazimirira ndinakwawira pamwala ngati ng'azi, nsapato imodzi ndikuifukula ndi manja. Ndinatsiriza kuzungulira dziwelo ndikuthamanga kuti thupi lifunde, ndikufuula nyimbo ija imene poyamba ndinkaiimba chapansipansi, mpaka makoma a mtondowo anandibwezera mawu.

Nditafika pa anzanga madzi akuchucha, amalume anadzuka nakhala tsonga.

"Aphunzitsi! Mwachita kulowamo kukaufuna moto uja?"

"Ndinaterereka, amalume."

"Mwaterereka mpaka m'chifuwa, tsitsi lili louma? Kuterereka kwa anthu ophunzira n'kwadongosolo."

Chinsinsicho ndinachisunga, ndipo apongozi nawo sanauze munthu, ngakhale mwana wawo. Tinatsika phiri dzuwa litapendeka, mitolo ya nsungwi ikuvina pamapewa, nsonga zake zikukwapula masamba. Ine ndinasenza mtolo waukulu kuposa msinkhu wanga ndipo sindinaumve kulemera. Mkazi wanga madzulo ake anandifunsa chimene ndinkamwetulira ndikuyanika buluku, ndipo ndinati ndi kukongola kwa dziwe, zimenenso sizinali zabodza.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi, amalume anabwera ndi ankhoswe anga, nakhala pamphasa mwaulemu wonse, nkhope zili zolemera monga mwa mlandu. Amalume anatsokomola, nayamba kutali, nafotokoza za kuvuta kwa kulera mwana wamkazi, nafotokozanso mmene iwo anagwirira ntchito yofewetsa mtima wa mlongo wawo usana ndi usiku osatopa. Pomaliza anati chitengwa chaloledwa, pokhapokha nandolo atathyoledwa.

Ndinayenera kudabwa, ndipo ndinadabwa ndi mphamvu zanga zonse. Ndinaomba m'manja, ndinawathokoza amalume chifukwa cha luso lawo la pakamwa, ndipo iwo analandira mayamikowo ndi mtima woyera, napempha nkhuku. Ndinawapatsa tambala. Nandolo tinathyola masiku anayi, ndipo Lachisanu lotsatira, m'mamawa, tinanyamuka atatu kupita ku Nsabwe.