Wogogoda Khoma la Wansambo

Kodi mungalote kuti amene anaphunzitsa Wansambo kuimba gitala ndi ndani? Ambiri amati ndi mphunzitsi wa kusukulu ya osaona. Ena amati ndi mkulu wa kwaya. Sungani yankho lanu, tione ngati mulondole.

Lero Wansambo amadzaza maholo, ndipo ana osaona ambiri amaphunzira kwa iye kwaulere. Koma nkhani yake ikuyambira pa masitepe a holo ina, pomwe anakhala pansi, gitala ili pamiyendo, atangokanidwa ndi bandi.

Maso ake anafa ali mwana, chifukwa cha chikuku. Makolo atamwalira, anakulira m'manja mwa mlongo wake, telala. Chiyambire tsiku limene anagwira gitala, aliyense ankamuombera m'manja. Akalakwitsa, m'manja. Nsambo ikaduka, m'manja. Tsiku lina akungochuna gitala, mayi wina anagwetsa misozi nati sanamvepo nyimbo yogwira mtima chotere.

Chifundo chamtundu umenewu chimanditopetsa, abale anga. Chimaoneka ngati chikondi, koma chimapha luso lili m'mimba.

Mkulu wa bandi uja yekha ndiye sanaombe m'manja.

“Achimwene, mumathamanga ngati mukuthawa galu,” anatero. “Woimba ng'oma wanga watuluka thukuta pokuthamangitsani.”

“Komatu anthu amati ndimatha.”

“Amaombera inuyo, osati nyimboyo. Ine nthawi yophunzitsa munthu ndilibe. Mukadzakonzeka mudzabwerenso, ngati malo adzakhale alipo.”

Kunyumba, mwamuna wa mlongo wake anali ndi nzeru zake kale.

“Alamu, tisavutike,” anatero. “Pakhomo la sitolo yaikulu ija pali mthunzi wabwino. Mukhale pamenepo ndi kambale, gitalayo muzingoikanda pang'onopang'ono. Palibe adzafunse ngati nyimbo ikumveka.”

“Vuto lake ndi lomwelo, alamu.”

“Chabwino, yesaninso kamodzi. Koma akakukananinso, kambale ndatsuka kale.”

Wansambo anadziwa kuti mlamu wake sakuseka. Akalepheranso, moyo wake wonse ukathera pakhomo la sitolo.

Pa nthawiyo banjali linali litangosamukira m'nyumba ya lendi yogundana khoma ndi ina. Masana, enawo akapita kuntchito, Wansambo ankatsala yekha m'chipinda chake, n'kumayeserera. Koma akanadziwa bwanji pamene akulakwitsa? Makutu ake anali atazolowera zolakwa zake ngati mmene munthu amazolowerera fungo la m'nyumba mwake.

Tsiku lina ali pakati pa nyimbo, khoma linalira. Gu, gu, gu. Wina kuseri ankamenya ndi nsapato.

Poyamba anakwiya. Kenako anayamba kutchera khutu. Akathamanga n'kupunthwa, khoma linkalira. Akakanda nsambo mwaukali, linkalira. Koma nyimbo ikayenda mosadukiza, mofatsa, kuseri kunkakhala zii.

“Achemwali,” anauza mlongo wake madzulo ake, “kuseri kuno kuli katswiri.”

“Katswiri wa chiyani?”

“Wa nyimbo. Khutu lake silinama. Chonde musamuuze kuti sindiona.”

Mlongo wake anangopitiriza kupinda siketi imene ankasoka.

Kuyambira pamenepo Wansambo ankaimbira khoma. Likalira, ankabwerera poyambira. Zala zinatuluka matuza, matuza anaphulika, khungu linauma. Anaphunzira kudikira nyimbo m'malo moithamangitsa. Anaphunzira kuti nsambo ikakhudzidwa mofatsa imalankhula zambiri kuposa ikamenyedwa. Kugogoda kuja kunayamba kuchepa.

Ndiye chifundo chija chinamupezanso. Mkazi wa neba anamuona akutuluka panja ndi ndodo yake yoyera, ndipo posakhalitsa anafika pakhomo, mawu ali pansipansi.

“Odi. Bambo kunyumba akuti pepani kwambiri. Sanadziwe kuti inuyo muli... kuti muli chonchi. Akuti imbani mmene mungafunire, sadzagogodanso.”

Wansambo anagwira mutu.

“Mayi, ndakulakwirani chiyani? Ndinali ndi munthu mmodzi yekha wondiuza zoona, inu mwakamuuza kuti andimvere chisoni?”

“Nanga tizimenyera khoma munthu wosaona? Anthu atiti chiyani?”

“Anena kuti mukumenya khoma. Kodi khomalo ladandaula?”

Mayiyo anaseka mwamanyazi, napepesanso, n'kumapita.

Masiku otsatira khoma linali zii. Wansambo akaimba bwino, zii. Akalakwitsa dala, zii. Anabwerera kumene anachokera, kumene chilichonse chimene wachita chinali chabwino. Uku mphekesera zinamveka kuti bandi ija yayamba kuyesa anthu ena.

“Achemwali, kamuuzeni ayambirenso.”

“Ndipite kwa eni ake ndikati chonde tisokosereni? Ine misala imeneyo ayi.”

Apa ndi pamene ambiri akanagwa mphwayi. Wansambo sanatero. M'mawa mwake anakokera mpando pafupi ndi khoma, anamasula nsambo zonse kuti zisagwirizane, n'kuyamba kuimba moipa mmene munthu angathere. Anakanda nsambo imodzi mpaka agalu a m'deralo anayamba kuuwa. Anakuwa ngati mbuzi yokodwa m'chingwe. Mawu anasasa, kuseri kuli chete. Anamwa madzi, n'kuyambiranso.

Dzuwa lili pamutu, khoma linagwedezeka. Gu, gu, gu, gu.

“Kusaona ndi kusaona,” anakuwa mawu a bambo kuseri, “koma izi ndiye zanyanya!”

Wansambo anaseka mpaka misozi.

“Zikomo, aphunzitsi.”

“Aphunzitsi ake ati? Khalani chete.”

Nsapato ija inabwerera pa ntchito, ndipo sinachitenso manyazi. Inamudzudzula tsiku ndi tsiku, kufikira masana ena pamene anaimba nyimbo zake zonse kuchokera koyamba mpaka kumapeto, khoma osalira ngakhale kamodzi. Pofuna kutsimikiza kuti nebayo alimo, anakanda nsambo imodzi moipa. Gu. Analimo.

M'mawa mwake mlongo wake anamuperekeza ku holo kuja. Woimba ng'oma atamuona anadandaula kuti lero atulukanso thukuta. Koma nyimbo itayamba, awiriwo anayendera limodzi ngati miyendo ya munthu mmodzi. Itatha, palibe anaomba m'manja. Mkulu wa bandi anangoti, “Loweruka mubwere ndi malaya oyera.”

Wansambo amati m'moyo wake wonse sanamvepo mawu okoma kuposa amenewo.

Anaimba ndi bandiyo zaka zingapo, kenako anayamba kupeka nyimbo zakezake. Mlamu wake uja ndiye amamunyamulira gitala masiku ano, ndipo amauza aliyense kuti iye anadziwa kale kuti mnyamatayu adzapita patali. Mlongo wake akamva zimenezi amangoyang'ana kudenga.

Zimene amapeza poimba, Wansambo sadyera yekha. Anachita lendi nyumba ina, nagula magitala ndi ndodo zoyera, ndipo ana osaona amaphunzira kumeneko osalipira. Amene alibe kokhala amawapezera pogona. Koma alendo obwera kudzaona anawo amamutopetsa mpaka lero. Mwana akangokhudza nsambo, iwo ayamba kale kuomba m'manja, ena akupukuta misozi.

“Tsitsani manja, walakwitsa,” amatero Wansambo. “Bwereza, mwanangu. Ukakhoza ndikuuza ndine.”

Alendo ena amachoka akunong'onezana kuti bamboyu ndi wouma mtima. Anawo sanena choncho. Amadziwa kuti iye akati “wakhoza,” ndiye kuti akhozadi.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwakanidwa kwinakwake, mwina wina wakuuzani mawu owawa pa ntchito imene mumainyadira. Musathamangire kwa okuomberani m'manja kuti akutonthozeni. Funani munthu amene sakumverani chisoni, mumumvere, mubwerere poyambira. Mtima usagwe, ngakhale kambale atakutsukirani kale.

Tsopano yankho lanu lija. Wansambo anadzadziwa zoona kuchokera kwa mlongo wake, atalowa kale mu bandi. Neba uja anali mlonda wogwira ntchito usiku. Sanagwirepo gitala, ndipo za nyimbo sankadziwa chilichonse. Masana ankangofuna kugona, ndipo nyimbo ikakoma ankagona.