Tsiku Limene a Mbewe Anatisiya Pabwalo

Ndikukumbukira bwalo la ntchemberembaye la pasukulu pathu, kumtunda kwa Kasakula. Linali lopendekeka, moti mpira ukakupulumuka unkauthamangira mpaka m'munda wa mbatata wa ahedi. Mizere tinkalemba ndi phulusa, ndipo mphepo ya mu Juni inkaiulutsa tisanayambe n'komwe.

Otiphunzitsa anali awiri. A Mbewe, mphunzitsi wa masamu, anali oonda ngati bango, koma mawu ngati a anthu atatu. Ankakhulupirira kuti mwana amene sanalire sanaphunzire. Tikaweruka, m'mimba muli pululu, ankatithamangitsa kukwera chitunda cha kuseri kwa tchalitchi, iwo ataima m'munsi ndi wenzulo. Enawo anali mayi Nankhoma a sitandade 2, amene malamulo a masewerawo sankawadziwa bwino. Yawo inali kunyamula ndowa ya madzi ndi kutimanga zala zobinya ndi kansanza.

Ndili sitandade 7 tinafika pa masewero oti opambana akwere lole kukasewera kuboma ku Ntchisi. Ine kuboma ndinali ndisanapondeko, ndipo woponya zigoli ndinali ineyo.

Inali nyengo yosankha fodya. Ambirife tinalawirira m'zigafa, ndipo manja anali akunatabe, akununkha fodya, pamene tinkanyamuka wapansi kupita kusukulu ya anzathu amene tinkakasewera nawo. Zitunda, madambo, zitundanso. Pofika, miyendo inali ngati yobwereka.

Pokwana nthawi yopuma tinali titatsalira kutali. Mipira yanga inkangogunda chitsulo n'kubwerera. A Mbewe anakalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera.

"Iwe Esinati, amenewo ndi manja kapena zikuni? Mwandichititsa manyazi nonsenu!"

Anatenga njinga yawo n'kumapita. Tinangoti kakasi. Mayi Nankhoma anakhala pa udzu, natikodola kuti tikhale nawo.

"Watopa ndani?"

Funso limenelo panalibe amene anatifunsapo. Tinayang'anana, kenako manja onse m'mwamba, ndi amene sanasewere omwe. Mayiwo anaseka, natidulira nzimbe.

"Ana anga, ine za mpirazi sindizidziwa. Inuyo mukuona kuti chavuta n'chiyani?"

Tiyanjane, mtsikana amene m'kalasi sankatsegula pakamwa, ananena chapansipansi kuti anzathuwo ndi ataliatali, bwanji tizipatsirana mpira chakumunsi. Tinatero. Ndinagoletsa, n'kugoletsanso, ndipo ochemerera a kumeneko anayamba kukhala chete. Koma nthawi inatithera tisanawapeze, ine n'kubinyanso phazi chakumapeto. Lole anakwera anzathuwo.

Pobwerera ndinkatsimphina kumbuyo, mayi Nankhoma atandigwira m'khwapa. Pa mlatho wa mitengo tinapeza a Mbewe atakhala pamwala, njinga ataigoneka pambali. Sanafunse zigoli, nkhope zathu zinawauza. Anayang'ana phazi langa lotupalo, nandikweza pakaliyala, n'kukankha njingayo zitunda zonse zija, ali wefuwefu, shati itanyowa kumsana. Anakandisiya pakhomo penipeni. Iwo sanapepese, inenso kuthokoza kunandikanika.

Lero ndine mphunzitsi kuno ku Dowa, ndipo timu ya atsikana anandisenzetsa ine chifukwa ena onse anakana. Ana a timuyi amasewera atavala nsapato, ulendo amayenda pa minibasi, ndipo ukawakalipira, mawa lake kholo lafika ku ofesi. Poyamba ndinkati ndidzakhala ngati mayi Nankhoma. Koma dzuwa likapendeka, nditalimbana ndi kalasi yodzaza tsiku lonse, mmero utauma, msana ukuwawa, ndimangomva mawu a a Mbewe akutuluka m'kamwa mwangamu. Ndinachita kukula kuti ndizindikire kuti bambo aja nawonso anali otopa, kungoti iwo analibe wowakhazika pa udzu.